Chombo cha Matanga cha ku Kanyama

Inu ana, tayambani mwaika pansi timafoni tanuto. Iwe Mwaka, dzulo ndinakuona ukutambasula chala kuti ukhudze zingwe za chombo cha ambuya ako aamuna. Usachite mantha, sindikukalipira. Koma popeza mwakula mukuchiona pamwamba pa kabati ngati chinthu chogula m'sitolo, lekani ndikuuzeni kumene chinachokera. Amene anachipanga sanakwerepo ngakhale bwato, ndipo ine amene ndinasoka matanga akewo, nyanja yamchere sindinaionepo mpaka lero.

Ine ndi a Sakala, ambuya anuwo, tinabwera muno mu Lusaka kuchokera ku Katete ufulu utangobwera kumene. Inu lero mumakwera basi m'mawa, madzulo mwafika, n'kumadandaula kuti msana ukuwawa. Ife tinayenda masiku awiri, fumbi mpaka m'mano, mwana wathu woyamba Dailesi ali kumbuyo, nkhuku ili pamiyendo. Malo tinawapeza ku Kanyama. Nyumba yake inali ya njerwa zosawotcha, zipinda ziwiri, denga la migolo yophwanya, pamwamba titasanjika miyala kuti mphepo isatilande. Kanyama anakhala pathanthwe, ana inu. Ukakumba pang'ono, khasu lalira. N'chifukwa chake mvula ikagwa madzi amasowa kolowera, amangoyendayenda m'makomo mwa anthu.

A Sakala anali dalaivala wa lole. Masiku amenewo njira za kumwera zinali zitavuta chifukwa cha ndale za kutsidya kwa Zambezi, ndiye mafuta a dziko lino ankabwera pamsewu wa ku Dar es Salaam. Popita ankanyamula mkuwa, pobwera migolo ya petulo. Milungu iwiri, itatu, munthu osamuona. Akamabwera ndinkawamva likhweru asanafike pakhomo. Anali munthu wanthabwala, woseka chikhakhali. Ankatibweretsera kokonati ndi nsalu zamaluwa, n'kukhala pampando kufotokozera komboni yonse za sitima za padoko, zazitali kuposa tchalitchi, zonunkha utsi.

Chaka china m'dzinja, kupitirira Mpika, lole inatsetsereka pamatope n'kugwera m'chigwa. Mulungu anachita chifundo, moto sunabuke. Koma mwendo wamanja unapanikizika pansi pa zitsulo tsiku lathunthu, ndipo kuchipatala anaudula m'munsi mwa bondo. Atabwera nawo kunyumba, ndinalandira munthu wina. Nkhope yomweyo, koma mwini wake mulibe. Ankakhala pamkeka moyang'ana khoma. Ndodo zoyendera zimene anapatsidwa anazikankhira pansi pa bedi. Chakudya ankadya ngati akumwa mankhwala. Ukawalankhula, "Ee." Ukawafunsa, "Kaya." Miyezi isanu ndi iwiri, ana inu. Anzawo a malole anabwera, anabwera, kenaka analeka. A mpingo anapemphera mpaka nyimbo zinawathera.

Amene sanaleke ndi ba Mulenga, kalipentala wa nyumba yoyandikana nafe, Mbemba wa kufupi ndi Bangweulu. Inu chimbuya mumachionera pamaliro pokha, pamene Abemba amatipaka ufa kumaso ife akum'mawa. Kale chinali cha tsiku ndi tsiku. Mbemba ndi wakum'mawa ankanyozana mmene afunira, popanda wokwiya. Ba Mulenga ankalowa m'mawa uliwonse, tepi yopimira ili m'khosi.

"Ba Sakala, mukali moyo? Nabwela kupima bokosi yanu. Munachita bwino kuchosako mwendo, mapulanga yazachepa."

Akanakhala kale, a Sakala akanayankha kuti wodya anyani alibe mawu pamaso pa anthu. Koma tsopano zii. Tsiku lina ba Mulenga atatuluka ndinawapeza kuseri kwa nyumba akupukuta m'maso ndi chipewa. Anati, "Amake Dailesi, munthu wamene sayankha mbuya wake, ninshi ayenda."

Ine ndinali nditayamba kugulitsa vitumbuwa pamsika kuti ana adye. Mapepala okulungira ankandipatsa mnzanga wina wogwira ntchito kumayadi, manyuzipepala ndi magazini akale amene azungu ankataya polongedza kubwerera kwawo. Masiku ano zonse ndi pulasitiki. Kale chitumbuwa chinkabwera ndi nkhani zake, munthu akudya uku akuwerenga. Ndiye tsiku lina mtima unandipsa. Ndinaunjika mulu wa mapepala pambali pawo.

"Atate ake Dailesi, anakudulani mwendo, manja anakusiyirani. Ng'ambani awa tizidutswa tofanana."

Sanandiyang'ane, koma anang'amba. Anang'amba tsiku limenelo, ndi mawa lake, ndi sabata yonse. Loweruka masana ndikuchokera kumsika ndinawapeza atatembenuka, msana uli kukhoma, pepala lalikulu lopindapinda atalitambasula pamiyendo.

"Linzake la pepala ili lili kuti?"

Ndinaima pakhomo beseni lili pamutu. Chichitikireni ngozi ija anali asanandifunsepo kanthu.

Papepalapo panali chithunzi cha chombo cha milongoti itatu, matanga atasanjikizana kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo m'munsi mwake mizere yokhotakhota ndi manambala. A Sakala Chingerezi ankachidziwa pang'ono, cha kusukulu ya mishoni. Anandiwerengera pang'onopang'ono, chala chikutsata mawu. Chinali chombo cha makedzana, injini zisanachuluke, chimene chinkathamanga ndi mphepo yokha kukatenga tiyi ku China, chikupikisana ndi zinzake kuti chiyambe kufika. Pepalalo linali pulani yopangira kachombo kakang'ono kofanana nacho ndendende, thabwa ndi thabwa, chingwe ndi chingwe. Koma pulaniyo inali ya masamba awiri. Lachiwirilo anali ataling'amba okha dzulo lake osayang'ana, ine n'kupita nalo kumsika.

Ndinatula beseni. M'katimo munali tizidutswa tina tosagwiritsa ntchito. Totsalato tinali titapita ndi ogula. Mukanandiona, ana inu, mayi wa ana atatu ndikuthamanga kubwerera kumsika, kutola mapepala amafuta m'ngalande, kuwatembenuza limodzilimodzi. Amayi anzanga anati misala ya mwamuna yalowa mkazi. Kena ndinakapeza kwa telala, atapukutira makina. Kena pakhomo la taveni, atakaponda. Kamodzi kokha sindinakapeze, kosonyeza kumbuyo kwa chombo, kumene kumakhala chiwongolero. Tinamata tonseto pakatoni ndi phala la chinangwa, pakona n'kutsala bowo.

Pulaniyo inkati inchi imodzi pa kachombo ndi mafiti asanu ndi atatu pa chombo chenicheni. A Sakala anawerengetsa ndi pensulo masiku awiri, kenaka anati, "Sindingapange chinthu chimene sindikudziwa kukula kwake. Tulutsani ndodo zija."

Ndinagwada pansi pa bedi, ndipo ndinakhalitsako dala kuti asaone nkhope yanga.

Tinatuluka tonse atatu, ine, iwo ndi ba Mulenga. Tinakhoma chikhomo pakhomo pathu, n'kumakoka chingwe mumsewu, ba Mulenga akupima ndi tepi, a Sakala akutsata pambuyo, thukuta kamukamu, mwendo wa buluku titaupinda ndi pini. Anthu anatuluka m'nyumba. Ena anali asanawaone chichokereni kuchipatala. Sanayang'ane aliyense, ankangowerenga mokweza. Tinadutsa nyumba zisanu ndi imodzi, tinadutsa mpopi, chombo chisanathe.

Apa n'kuti ili nthawi imene aliyense woyenda ndi pepala ndi chingwe ankamuganizira zoipa, poti kunali mphekesera za akazitape. Anatulukira a tcheyamani a chipani a m'gawo lathu, atatupa.

"Mupima chani? Ndani anakupasani mphamvu yogaba mapuloti?"

"Tikupima chombo, a tcheyamani," anatero a Sakala.

"Chombo? Mu Kanyama?"

Anawaonetsa chithunzi chija. A tcheyamani anachiyang'ana, n'kuyang'ana msewu, n'kuchiyang'ananso. Mapeto ake ndi iwo amene anagwira nsonga ya chingwe, akukalipira anthu kuti asaponde. Titafika pothera, a Sakala anatembenuka kuyang'ana kumene tachokera. Nyumba yathu inkaoneka kang'onong'ono. Anati, "Chonsechi, mphepo yokha."

Inu mukafuna kanthu mumathamangira ku shopu. Ife zipangizo tinkazisaka ngati bowa. Nthiti za chombo anazidula kuchokera m'mabokosi a tiyi amene ndinapempha kwa mwenye wina m'tauni. Timatabwa tokutira nthitizo tinali zotsala za matabwa a mukwa za ba Mulenga, zimene a Sakala ankazisenda mpaka kupyapyala ngati chikhadabo, kuziviika m'madzi otentha pambaula, n'kuzipinda zikadali zofewa. Msasa analibe. Ankapala ndi chibenthu cha botolo. Mpeni wawo unali lezala yomangirira pakamtengo, choboolera chinali singano yanga yofiiritsa pamakala. Guluu tinkaphika kuchokera ku ziboda za ng'ombe, ndipo fungo lake, ana inu, ngakhale agalu ankasamuka.

Chilimwe choyamba chinathera pamsana wa chombo ndi nthiti zake. Atafika kumbuyo, paja panali bowo m'pulani, ntchito inaima. Ba Mulenga anatenga chinangwa chachiwisi n'kusema mmene bwato la kwawo limathera.

"Iwe wakudya mbeba uzaziba chani pa va manzi? Kumbuyo kumankhala so."

A Sakala anachitembenuza chinangwacho uku ndi uku. Kenaka anati, "Ichi ndi chombo cha tiyi, mbuya. Si chonyamulira anyani."

Ba Mulenga anakhala pansi, n'kuseka mpaka kutsokomola. A Sakala nawonso chinawatulukira chikhakhali chija, chadzimbiri pang'ono ngati chitseko chosatsegulidwa, koma chomwecho. Ine ndinali panja ndikukanda ufa wa vitumbuwa. Tsiku limenelo ndinaiwala kuthira shuga. Ndipo mukayang'anitsitsa kumbuyo kwa chombocho, si kwa Azungu ayi, ndi kwa ku Bangweulu. Anakangana sabata yathunthu, koma anatsata chinangwa.

Pansi pa chombo chenicheni ankakutapo mkuwa kuti tizilombo ta m'nyanja tisaboole matabwa. A Sakala anasonkhanitsa mawaya a mamota opsa, kuwasula ndi hamala pachidutswa cha njanji mpaka kuphwatalala, n'kumadula timamba ngati ta nsomba. Dzinja lonse m'nyumba munali nkhe, nkhe, nkhe. Ankati, "Zaka zonsezi ndanyamula mkuwa wa eni. Uwu wokha ndi wanga."

M'chaka chachiwiri cha chombo anabadwa Tamala, azakhali anu aang'ono aja. Usaseke, iwe Mwaka. Mukadzakula mudzadziwa kuti munthu akachira, amachira yense.

Matanga inali ntchito yanga. Ndinatenga matumba ansalu a ufa wa tirigu, kuwaphika ndi phulusa kuti malemba achoke, kenaka kuwaviika m'tiyi kuti asayere ngati mano. Zingwe tinkasomola ulusi wa matumba omwewo, kuupota pantchafu, n'kuupaka kandulo. Ndipo kandulo panthawiyo sinali yoseweretsa. Zinthu zinali zitayamba kusowa, sopo, saladi wophikira, shuga, zonse za pamzere. Unkaona mzere, n'kuyamba waima, kenaka n'kufunsa kuti akugulitsa chiyani. Ine ndinkasokera pamzere pomwepo, kathanga kali m'manja, amayi akundifunsa ngati ndi kansalu ka chidole.

Ambuya anu pantchito anali wovuta, musamve zoti anali woyera mtima. Thanga limodzi anandisomoletsa katatu, ati mpendero wakula, pa chombo chenicheni ukanakhala wotambalala ngati chitseko. Kachitatuko ndinawaponyera kumaso.

"Sokani nokha! Ndani adzabwere ndi tepi kudzapima mpendero mu Kanyama muno?"

Masiku awiri sitinalankhulane. Tsiku lachitatu ndinapeza ambulera yanga yothyoka, imene ndinali nditaitaya padenga, ataikonza nthiti zonse, ili pabeseni la vitumbuwa. Kupepesa kwawo kunali kumeneko. Amayi a pamsika ataiona anayamba kubweretsa zawo. Kenaka nyali, maloko, makina osokera. Ntchito imene inaphunzitsa makolo anu sukulu mpaka ambuya anu kukalamba inayambira pa mkangano wa mpendero.

Zaka zinayi zinatha. Chombo chinaima pathebulo, kutalika kwake ngati mkono wanga wonse ndi kachidutswa, milongoti yansungwi itatu, zingwe zambirimbiri ngati ukonde wa kangaude, chilichonse chikupita pamalo pake. Timagudumu todutsamo zingwe anatisema ndi mtengo wa gwafa, kalikonse ngati njere ya mpunga. Kunatsala matanga awiri okha a pamwamba penipeni.

Ndiye inabwera mvula ija. Inagwa masiku atatu osapuma. Tsiku lachitatu ndinapitabe kumsika, ana akuluakulu anali kusukulu, kunyumba kunatsala a Sakala ndi Tamala, ali ndi zaka ziwiri ndi miyezi. Chakumasana kunabwera mayi wina akukuwa kuti kumunsi kwathu nyumba zikugwa. Ndinasiya beseni, ndinasiya zonse. Mumsewu madzi anali m'mawondo, kutsogolo m'ntchafu, ofiira, atanyamula nkhuku, mipando, zonyansa za m'zimbudzi. Pansi osaona, ndipo Kanyama ndi wa maenje.

Ndinakumana nawo pafupi ndi mpopi. Tamala anali kumbuyo kwawo, atam'bereka ndi chitenje changa ngati mzimayi, mfundo ili pachifuwa. Ankaponya ndodo imodzi, kufufuza pansi, kuponya inzake, n'kudumpha. Madzi ankawakankha cham'mbali. Milomo inali itatuwa. Mwana sankalira n'komwe, anali atagwira makutu a atate ake. Ndinam'masula n'kumuika paphewa, ba Mulenga anatulukira n'kuwalowa m'khwapa.

Titafika pamtunda ndinawayang'ana m'manja. Munali ndodo zokha.

"Nanga chombo?"

"Manja ndi awiri, amake Dailesi."

Ba Mulenga anafuna kubwerera, a Sakala anawagwira malaya. Tili chiimire pomwepo tinaona denga lathu likupendekeka pang'onopang'ono, kenaka linakhala pansi. Silinachite phokoso lalikulu. Njerwa zosawotcha zikamwa madzi zimangogwada.

Tinagona m'tchalitchi pamodzi ndi mabanja ena ambiri. Anthu ankalira mabulangete, mbuzi, ziphaso. Ine ndikuuzeni zoona, sindinalire nyumba. Ndinkayang'ana msana wa ambuya anu. Anakhala pabenchi yakumapeto, nkhope ili kukhoma la tchalitchi, ndipo masiku awiri sanalankhule. Ndinkadziwa msana umenewo. Ndinapemphera pemphero loipa, ndinati Ambuye, ngati mukuwabwezera kumene munawachotsa, bwenzi mutangowasiya m'chigwa muja. Ba Mulenga, munthu wosatha mawu, ankangodutsa chakutali, tepi ataibisa m'thumba.

Madzi ataphwa tinapita kukafukula. Ana ankatola mbale ndi mapoto, ine ndi ba Mulenga tikusuntha malata. A Sakala anakhala pansi m'matope pamene panali thebulo, ndodo ataziika pambali, n'kumakumba ndi manja. Ine ndinkachita ngati ndikufuna zovala, koma maso anali pa iwo. Anakumba mpaka dzuwa linapendeka. Kenaka ndinaona mapewa aima.

Anachitulutsa ngati mmene amatulutsira mwana wa mbuzi wobadwira m'khola lamatope. Milongoti yonse itatu inali itathyoka. Zingwe zinali mpira umodzi wa thope. Mbali imodzi inali itaphwanyika, nthiti zili poyera, timamba tamkuwa tambiri titasupuka. Matanga anga, aja a pamzere, sankadziwika kuti inali nsalu. Anachiika pamiyendo, n'kumachotsa thope ndi chala chachikulu, pang'onopang'ono, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Ngakhale ana anaima ndi mapoto m'manja.

Anayendetsa chala pansi pake kawiri. Anati, osatembenuka, "Msana sunathyoke."

Ba Mulenga anasendera pafupi. "Nanga uzathyoka bwanji? Mapulanga ni yanga."

"Khala chete, mbuya, ndikuganiza." Kenaka anandiitana. "Amake Dailesi, ulusi ulipo?"

Ana inu, tinalibe nyumba. Tinalibe bulangete louma, tinalibe ufa, singano yanga inali pansi pa khoma. Chimene ndinatsala nacho ndi chitenje chimene ndinavala, chomwe chija anaberekera Tamala.

Ndinati, "Ulipo wambiri."

Ndinapita kuseri kwa mulu wa njerwa, n'kuluma mpendero wa chitenjecho ndi mano mpaka ulusi unatuluka, n'kuyamba kusomola. Ndakhala mumpingo zaka zonsezi, ndaulula zambiri, zazikulu ndi zazing'ono. Koma bodza limenelo sindinalapepo, ndipo sindidzalapa.